Makatani odzitsitsa okha ndi chiguduli cha abambo

Amayi amauza anzawo a kumvano kuti mwana wawo ku Joni amapachika makatani. Sindiwatsutsa, poti ndi mmene ndinayambira mu 2014: makwerero paphewa, dirilo m'manja, kuboola makoma m'nyumba za anthu andalama ku Fourways ndi Bryanston. Koma masiku ano ndimakhalitsa m'maofesi a nsanjika a ku Sandton ndi Rosebank, kumene katani sakoka ndi dzanja. Ife a ntchitoyi timati mablaindi. Ndi nsalu yolimba yokulungidwa pa paipi ya aluminiyamu, m'kati mwa paipimo muli mota yowonda ngati nzimbe, ndipo motayo imamvera kompyuta. Dzuwa likafika pazenera blaindi imatsika yokha, likachoka imakwera yokha. Zaka zingapo ndinkaganiza kuti chimene timagulitsa n'kutsikako. Zinatengera nyumba imodzi imene inatichititsa manyazi, mayi wina wa ku maakaunti, ndi khonde la abambo anga pa Kampepuza kuti ndione kuti ndalama zonsezi mwini nyumba amalipirira kukwera.

Ndiyambe ndi chimene chimakoka eni nyumba kuti agule zinthu zodula chonchi. Kuno kuli bungwe la Green Building Council South Africa, limene linayamba mu 2007, ndipo limapereka satifiketi ya Green Star ku nyumba zomangidwa mosamala magetsi, madzi ndi umoyo wa ogwiramo ntchito. Ndondomekoyi anaibwereka ku Australia n'kuisintha kuti igwirizane ndi kuno. Nyumba imatolera mapointi: mu ndondomeko imene tinkagwira nayo ntchito, ikafika 45 ndiye nyenyezi 4, ikafika 60 nyenyezi 5, ikafika 75 nyenyezi 6. Mabanki ndi makampani akuluakulu akamasaka ofesi ya lendi amafunsa za nyenyezizo, choncho pointi iliyonse imasanduka ndalama. Pa mapointi okhudza m'kati mwa nyumba pali awiri okhala moyandikana koma osamwerana madzi. Ina imati lowetsani kuwala kwa dzuwa kokwanira, anthu asadalire mababu tsiku lonse. Inzake imati kuwala komweko kusawathobwe m'maso. Wojambula pulani akakulitsa magalasi kuti apate yoyamba, yachiwiri waiika pachiswe.

Ndondomeko ya ku America ya LEED, imene makampani ena akunja amaumirira ngakhale ali kuno, inaika mkanganowu m'manambala. Lux ndi muyeso wa kuwala: pa desiki pamafunika 300 mpaka 500, pamene panja dzuwa likuswa mtengo pamatha kufika 100,000. LEED v4 ya 2013 imafuna kuti malo osachepera 55 pa 100 alionse a mu ofesi azilandira 300 lux yochokera kunja kwa theka la maola a pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, chaka chonse. Komanso malo amene dzuwa limawaomba mwachindunji kupitirira 1,000 lux kwa maola oposa 250 pachaka asapose 10 pa 100. Imawonjezeranso kuti mawindo akhale ndi chotchingira, ndipo chikakhala chodziyendetsa chokha, munthu wokhala pamenepo akhale ndi batani loti achilamule akafuna. Batani limeneli timalitcha override, ndipo nkhani yanga yonse yagona pamenepo.

Nyumba imene ndikunenayi ndi ya nsanjika 9, magalasi mbali zonse zinayi kuyambira pansi mpaka kudenga, mamita 2.7 kutalika kwake. Tinaikamo mablaindi mazanamazana. Padenga pali kachipangizo koyeza kuwala, ndipo kompyuta imadziwa tsiku, nthawi, ndi pamene nyumbayo ili padziko, n'kuwerengera yokha pamene dzuwa lili. Kachipangizo ka padenga kamangoiuza ngati kunja kuli dzuwa kapena mitambo. Pulogalamu anailowetsa ndi injiniya wobwera ndi katunduyo kuchokera kunja, ife tinagwira zopachika, mawaya ndi kuyesa. Tinayesa mu Malichi, nyumba ili gwa, mulibe desiki ndi imodzi yomwe. M'mawa a kum'mawa anatsika, madzulo a kumadzulo anatsika, masana tinaona a mbali ina atsikako pang'ono. Kapitawo anasaina, ine ndinasaina, tinakadya pap, nsima ya kuno, ndi nyama yootcha mosangalala.

Madandaulo anayamba kumapeto kwa Meyi. Anthu a mbali ya kumpoto ankati dzuwa likuwatentha m'manja ndipo pa sikirini sakuona kanthu, pamene mablaindi ali phee kumwamba. Ndinapita katatu konse. Ndikadina batani blaindi imatsika bwinobwino, mota ilibe vuto, waya ali bwino. Ndinkalemba kuti zonse zili m'malo n'kumapita. Ulendo wachinayi ndinangokhala pansi pafupi ndi windo kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko, laputopu pamiyendo, n'kumayerekeza zimene kompyuta ikunena ndi zimene maso anga akuona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Itakwana 12 koloko kompyuta inkati dzuwa lili pamutu penipeni, madigiri oposa 80 kuchokera pansi, litapendekera pang'ono kumwera. Ine dzuwalo linali pankhope panga, lochokera kumpoto, litalowa m'nyumba pafupifupi mamita 3.

Johannesburg ili pa madigiri 26 kumwera kwa equator. Mu pulogalamu, kumwera amalemba ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa nambala. Wina analemba 26 yekha, kamzere kaja palibe. Ndiye kwa miyezi itatu nyumba yathu inkadziyesa kuti ili kumpoto kwa dziko, cha ku Egypt uko, kumene Juni ndi nthawi yotentha ndipo dzuwa limadutsa pamutu. Kuno Juni ndi chisanu, masana dzuwa limangokwera madigiri pafupifupi 40, kumpoto, n'kulowa pansi pa chilichonse. Mu Malichi muja dzuwa lenileni linali pa madigiri 64, linkangonyambita mita imodzi ndi pang'ono m'mphepete mwa windo, ndipo mablaindi amene tinawaona akutsika masana aja anali a kumwera, kumene kunalibe dzuwa. Tinaona zinthu zikuyenda n'kunena kuti zikugwira ntchito. Ndinalipo, foni yokhala ndi kampasi ili m'thumba, osaitulutsa. Kukonza kwake kunatenga nthawi yochepa kuposa kukwera lifiti.

Koma pofika tsiku limenelo anthu anali atasiya kale kukhulupirira makina. Ena anamata mapepala a A3 pagalasi. Ambiri anapeza batani lija, ndipo mmene linalili poyamba, ukalidina blaindi imakhala pomwepo mpaka wina adzadinenso. Palibe amene ankadinanso. Ndinayenda m'nyumbamo tsiku lina mu Julayi cha m'ma 3 koloko masana, mbali ya kum'mawa, kumene dzuwa linachoka kalekale m'mawa. Mablaindi onse ali pansi, mababu onse akuyaka, kunja kuli mbee. Nyumba imene inapata mapointi chifukwa cha kuwala kwa dzuwa inali itasanduka phanga la magetsi. Ndipo izi si za nyumba iyi yokha. Mukadzadutsa m'tauni iliyonse yokhala ndi nsanjika zagalasi, kwezani maso muwerenge makatani otsitsidwa mbali imene kulibe dzuwa. Munthu amatsitsa katani chifukwa diso lamupweteka. Palibe chimene chimamupweteka kuti aikweze.

Tinasintha zingapo. Batani likadinidwa, blaindi imamvera munthu maola 2, kenaka imabwerera m'manja mwa kompyuta. Usiku onse amakwera kuti tsiku liyambe mawindo ali otsegula. Tinaikanso kudikira: dzuwa likatuluka, blaindi imatsika pakatha mphindi 2, koma mtambo ukaphimba imadikira mphindi 20 isanakwere. Amene anakhalapo ku Joni nthawi ya dzinja akudziwa mmene mitambo ya mvula yamabingu imathamangira masana. Popanda kudikirako nsalu imangokhala tsika kwera, tsika kwera, ndipo kamphokoso ka mota, ngakhale n'kochepa, munthu akuwerengetsa ndalama kamamuimitsa mutu. Tinaletsanso kuti isamayende pang'onopang'ono mphindi iliyonse potsatira dzuwa. Ili ndi malo anayi oima, ndipo mzere wonse umayendera limodzi.

Onse anakhazikika kupatula mayi mmodzi wa pa nsanjika yachitatu, mbali ya kum'mawa. Anali wamkulu, wa msinkhu wa amayi anga, magalasi pamphuno, ndipo aliyense ankangoti Mama. Iwo anali ndi katoni ya mapepala a printa, yophwasulidwa, imene ankaiimika pawindo ndi mafayilo awiri. Tsiku lililonse madzulo ankadina batani, ndipo maola 2 akatha blaindi n'kukwera, ankaimika katoni ija. Woyang'anira nyumba anandituma kuti ndikawafotokozere bwino, poti alendo akamayendera nyumba ya nyenyezi zake, katoni pawindo siioneka bwino.

Ndinafika ndi nzeru zanga zonse. "Mama, mbali yanu ino dzuwa limachoka isanakwane 12 koloko. Madzulo kulibe chokuvutitsani."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, unakhalapo pampando uwu?"

"Ayi, Mama."

"Ubwere 4 koloko."

Ndinabwera. Anadzuka, nakhala ine. Mpando unali wotsitsidwa kwambiri, sikirini itapendekera kumanja, ndipo pa desiki panali kabotolo ka mankhwala a m'maso. Kwa mphindi 10 panalibe kanthu, ndinayamba kukonza m'mutu mawu aulemu owauza. Kenaka kuchokera kutsidya la msewu kunabwera kuwala ngati wina wandilozetsa galasi la galimoto. Nyumba ya kutsidyako ndi yaitali kuposa yathu, ndipo khoma lake la kumadzulo ndi galasi lonyezimira. Dzuwa lamadzulo likadutsa pamwamba pa denga lathu limamenya khoma limenelo n'kubwerera molunjika pa madesiki anayi okha, la Mama lili pakati. Manambala a pa sikirini anazimiririka. Ndinagwira chikhatho pachipumi ndisanadziwe kuti ndatero. Kuthobwa m'maso kumachitika chonchi: diso limakhala litazolowera kuwala kofatsa kwa sikirini, ndiye pambali pake pabwere chinthu chowala kuposa pamenepo maulendo mazana, kamboni kamachepa, zimene umawerenga n'kuda. Kompyuta yathu inkadziwa za dzuwa limodzi. Mama anali ndi awiri.

Tinapatula mawindo atatu amenewo kukhala gulu lawolawo n'kuwaikira nthawi yawo yotsika madzulo. Tinasinthanso nsalu. Nsalu za mablaindi zimalukidwa ndi timabowo, ndipo amazigulitsa potengera gawo la nsalu limene lili lotseguka: 1, 3, 5 kapena 10 pa 100. Wojambula pulani anasankha yoyera ya 5, chifukwa kunja imaoneka bwino ndipo imabweza kutentha. Koma nsalu yoyera dzuwa likaimenya imayaka yonse ngati chinsalu cha kanema, ndipo pa timabowo ta 5 mpira wa dzuwa umaonekabe. Yakuda imagwira kutentha, koma siyaka, ndipo modabwitsa ndi imene umaonera bwino kunja. Kwa Mama tinaika ya 3, yotuwa moderapo m'kati, kunja kwake yopakidwa zonyezimira. Wojambula pulani anang'ung'udza kuti mawindo atatu asiyana ndi anzawo. Ndinamuuza za mpando uja, kuti ulipo 4 koloko iliyonse. Sanabwere.

Disembala wa chaka chimenecho ndinapita kumudzi. Abambo ndi telala, ndipo makina awo a Singer akhala pakhonde la golosale imodzimodziyo pa Kampepuza kuyambira ndili mwana. Khondelo linayang'ana kumadzulo. M'mawa wonse malata amawatchinga. Ikamakwana 3 koloko dzuwa limatsika pansi pa malata n'kufika pa mbale yachitsulo ya makina, pamene singano imalowera, n'kung'anima. Abambo sayang'ana wotchi. Amamaliza msoko, amadzuka, amatenga chiguduli chimene chimakhala pansi pa benchi n'kuchikoloweka pa misomali iwiri ya pa mtanda. Izi ndaziona kambirimbiri. Chimene ndinali ndisanachionepo, ngakhale chinkachitika pamaso panga, n'chakuti dzuwa likangobisala kuseri kwa mapiri a kumalire a Mozambique, nthawi yomweyo amadzukanso n'kuchotsa chigudulicho. Sadikira ndi mphindi imodzi yomwe. Pakhondepo palibe babu, ndipo ulusi wakuda pa nsalu yakuda sulowa pa singano mumdima.

Ndinawafotokozera za ntchito yanga, za kachipangizo ka padenga, za mablaindi otsala pansi sabata yathunthu. Anamvetsera akupalasa makina.

"Ndiye anthu ophunzirawo amalephera kukweza katani?"

"Salephera, bambo. Amaiwala, poti magetsi amakhala akuyaka."

"Iwe, azimitsireni magetsiwo. Akumbukira."

Ndinaseka, koma anali atalasa pamene ife timazungulira ndi mawaya. Mu ofesi babu limabisa mtengo wa katani yotsitsidwa. Wolipira bilu ya magetsi sakhala pawindo, wokhala pawindo saona biluyo. Kompyuta yathu imagwira ntchito imene singano imagwira kwa abambo, yokumbutsa kuti kuwala kwabwerera. N'chifukwa chake m'nyumba zokonzedwa bwino mababu a m'mphepete mwa mawindo nawo amadzichepetsa okha kunja kukawala. Popanda zimenezo, blaindi ikwere isakwere, mita ya magetsi imathamanga chimodzimodzi.

Malangizo a abambo anayesedwa mu 2023, chaka chimene magetsi ankazima kuno maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zotsatira zake zinali zoseketsa. M'nyumba ina imene timaisamalira, jenereta analumikizako makompyuta, malifiti ndi mababu ochepa, koma mamota a mablaindi anawaiwala. Magetsi akazima mablaindi ali pansi, anthu ankakumbukiradi za windo, n'kuthamangira batani, batani lili zii. Ankakhala mu kachisisira dzuwa lili phwee kuseri kwa nsalu, ndipo panalibe chingwe chokoka. Mnyamata wina anayesa kukulunga nsalu ndi manja n'kuimanga ndi waya wa chaja. Tinasintha nsalu ziwiri zong'ambika mwezi umenewo.

Ndisaname, pali nthawi zimene ndimaona kuti ntchito yanga ndi yozimitsa moto woyatsa dala. Blaindi ya m'kati imateteza diso, koma kutentha kumakhala kutadutsa kale galasi, ndipo makina oziziritsa ndi amene amalimbana nako. Chotchinga chabwino chimakhala kunja, ngati khonde. Ulendo wina basi itaima nthawi yaitali mu Harare ndinayenda wapansi kukaona Eastgate, nyumba imene Mick Pearce anajambula n'kutsegulidwa mu 1996, ija amati anaonera chulu cha chiswe. Mawindo ake ndi aang'ono, obisala m'kati mwa mano a konkire otuluka kunja, ndipo pa khomalo palibe choyenda choti chingafe. Komabe Pearce yemweyo atakagwira ntchito ku Melbourne pa nyumba ya khonsolo ya CH2, imene inatsegulidwa mu 2006 ndipo inapata nyenyezi 6 za Green Star, khoma la kumadzulo analiveka zitseko za matabwa akale zimene zimatseguka ndi kutsekeka zokha potsatira dzuwa. Dzuwa la pamutu umalithetsa ndi denga lotuluka. La madzulo ndi la chisanu limabwera chopingasa, pansi pa denga lililonse, ndipo limafuna chinthu choyenda, kaya ndi mota kaya ndi telala wodzuka pa benchi. Kungoti choyenda chimafuna wochisamala. Ku Paris, Institut du Monde Arabe ya 1987 inatchuka ndi timaso tachitsulo totseguka ndi kutsekeka ngati diso la kamera, ndipo timaso tambiri tinakhala zaka tili chiimire.

Chimene chimandivuta pa masatifiketi n'chakuti oyesa amaona mapepala. Green Star ili ndi satifiketi ya pulani ndi ina ya nyumba itamangidwa, ndipo pa zonse ziwiri zimene zimapita ndi zojambula, mapepala a nsalu osonyeza kuwala kumene imadutsitsa, ndi malipoti osainidwa ngati lija ndinasaina ine mu Malichi. Ilipo ina yoyeza nyumba anthu akugwiramo ntchito, koma mwini nyumba amachita kuifuna yekha. Chikwangwani cha nyenyezi chimakhala pa risepushoni chikunyezimira, kaya m'mwambamo mababu akuyaka kuseri kwa nsalu zotsitsidwa. Ine tsopano sindisaina lipoti ndisanaime pa mbali iliyonse ya nyumba ndi kampasi, ndipo ndimapempha kuti mu kontirakiti mukhale ulendo wina mu Juni, anthu atalowa. Makasitomala ena amakana, ati n'zowonjezera mtengo.

Kunyumba ija ndimapitako kawiri pachaka kukaona mamota ndi kupukuta kachipangizo ka padenga, kamene nkhunda zimakakonda kwambiri. Ulendo wathawu ndinadzera pa nsanjika yachitatu itangopitirira 4 koloko. Mawindo atatu aja anali atatsika okha, ena onse a mzerewo ali m'mwamba, msewu ukuoneka. Mama anali akulemba, sanadzutse mutu mpaka nditapereka moni. Ndinafunsa ngati katani ikuwavutitsabe. Anati ayi, kungoti Lachiwiri lapitalo inachedwa ndi mphindi 5, ndipo analemba tsiku ndi nthawi pa kapepala kachikasu kamene anandipatsa. Ndikuwerama kuti ndione waya wa batani lawo, ndinaona katoni ija ili kuseri kwa kabati, yopindidwa bwinobwino, mafayilo awiri aja ali pambali pake.